Kuchoka ku Joni kukayenda wapansi m'mbali mwa nyanja yamchere, opanda galimoto yanuyanu

Novembala akamatha, nkhani m'magulu a WhatsApp a Amalawi a ku Joni imakhala ya tchuthi. Mafakitale ndi makampani a zomangamanga amatseka chapakati pa Disembala, mabwana ambiri amapita kokayenda, ndipo amene sakukwera basi yakumudzi amayamba kufunsana ngati munthu wopanda galimoto angathe kukaona nyanja yamchere, kuyenda m'mbali mwake, n'kubwerera ali bwinobwino. Ena amati zimenezo n'za eni magalimoto. Ena amachita mantha, poti nyengo yomweyi ndi imene timamva za anthu omira pagombe, ena mwa iwo alendo ochokera kumtunda kuno.

Ulendowu ndi wotheka, ndipo m'malo ena basi kapena sitima imachita kuposa galimoto, chifukwa woyenda wapansi safunika kubwerera kumene anaimika galimoto. Chofunika n'kudziwa kuti kunyanja tsiku limalamulidwa ndi nthawi zitatu zomwe sizidikirana: nthawi ya sitima kapena basi yomaliza, nthawi ya madzi, ndi nthawi yolowa dzuwa. Amene wazigwirizanitsa asanachoke pakhomo amayenda mtima uli m'malo.

Njira zake n'zamtundu wanji

Mawu oti hiking trail amene mumawaona pa zikwangwani ndi pa intaneti amatanthauza njira ya oyenda pansi yokhala ndi poyambira, pothera ndi zizindikiro. Za m'mbali mwa nyanja sizifanana. Zina ndi zowaka ndi simenti kapena njerwa, zosalala moti ngakhale agogo ndi ana amayendamo. Zimenezi amazitcha promenade, ndipo zotchuka ndi ya ku Durban ndi ya ku Sea Point ku Cape Town. Zina zimadutsa pamiyala ndi pamchenga kapena pamwamba pa maphompho, ndipo zimatha tsiku limodzi. Palinso za masiku angapo zogona m'njira, zofuna kulembetsa pasadakhale.

Kwa munthu wodalira basi, funso lalikulu ndi lakuti njirayo imathera kuti. Njira yozungulira imakubwezani pomwe munayambira, choncho mumangofunika kudziwa basi imodzi. Njira yopita mbali imodzi imakusiyani kwina, ndipo ngati kumeneko kulibe chokwera, makilomita onse mwayendawo muwayendanso chobwerera. Yabwino koposa ndi imene imayenda motsatana ndi njanji kapena msewu wa mabasi, chifukwa mwana akatopa kapena mphepo ikakula mumangotulukira pa siteshoni yotsatira.

Kuchoka pa Park Station

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene nyanja yalekezera, ndipo gombe lapafupi lofikika mosavuta ndi la ku Durban, makilomita pafupifupi 570 kudzera mumsewu wa N3. Basi imadutsa ku Harrismith, kutsika phiri la Van Reenen, kudutsa Pietermaritzburg, ndipo imatenga maola 7 kapena 8 msewu ukakhala wabwino. Mukakwera ya usiku Lachisanu, Loweruka m'mawa muli kunyanja, ndipo Lamlungu usiku mukhoza kubwerera n'kukafika ku ntchito Lolemba.

Cape Town ndi nkhani ina. Ndi makilomita pafupifupi 1,400 mumsewu wa N1, kudzera ku Bloemfontein, Colesberg ndi Beaufort West, ndipo basi imatenga maola 18 mpaka 20. Ulendo wotere umafuna masiku osachepera anayi kapena asanu, chifukwa munthu amene wakhala pampando usiku wonse ndi theka la tsiku amatsika miyendo itatupa, ndipo si bwino kuyamba njira yaitali tsiku lomwelo. Ubwino wake ndi woti mabasi akutali amaima pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima ya Cape Town, pakatikati pa tauni, ndipo siteshoni ya mabasi a MyCiTi ya Civic Centre ili chapafupi pomwepo. Amene angakwanitse ndege akhoza kukwera sitima ya Gautrain pa Park Station, siteshoni yaikulu ya Johannesburg, kusintha pa Sandton, n'kukatsikira pabwalo la ndege la OR Tambo.

Matikiti a Intercape, Greyhound, City to City ndi mabasi ena amagulidwa pa Park Station, pa intaneti, kapena pa kauntala ya Money Market mu Shoprite ndi Checkers. Mitengo imakwera kwambiri mu Disembala ndi pa Pasaka, choncho gulani wopita ndi wobwerera nthawi imodzi, milungu ingapo tsikulo lisanafike. Kugula wopita yekha m'nyengo imeneyi kumasiya anthu ali pa depoti Januwale atayamba, ntchito ikuwadikira. Tenganinso kabulangete, chifukwa m'chipululu cha Karoo usiku kumazizira ngakhale m'chilimwe.

Madzi amakwera, amaphwa

Apa ndi pamene munthu wokulira ku Mangochi, ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay amanyengeka, chifukwa amadziwa nyanja, koma nyanja ina. Pa Nyanja ya Malawi, mwala umene mwauona m'mawa mudzaupeza pomwepo madzulo. Madzi amakwera ndi kutsika potsata mvula ya chaka, pang'onopang'ono. Nyanja yamchere imakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Chochititsa chake ndi mphamvu yokoka ya mwezi, mothandizidwa ndi ya dzuwa, ndipo kukwera ndi kuphwaku n'kumene pa zikwangwani amalemba kuti tide. Madzi akadzaza amati high tide, akaphwa amati low tide.

Kuchokera pamene aphwa kufika pamene adzaza pamatenga maola 6 ndi mphindi pafupifupi 12. Chifukwa cha mphindi zapaderazi, nthawi ya madzi imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ngati lero madzi aphwa 10 koloko m'mawa, mawa aphwa cha m'ma 10:50, ndipo pakatha mlungu, ola lomwelo la 10 koloko lidzakhala la madzi odzaza. N'chifukwa chake malangizo a mnzanu amene anapitako mwezi watha, oti "tinadutsa pamchenga cha m'ma 11", sangakuthandizeni pokhapokha mutadziwa kuti mwezi unali bwanji tsiku limenelo.

Kukula kwa madzi nakonso kumasintha. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala kumdima, mwezi ndi dzuwa zimakhala pamzere umodzi ndi dziko n'kumakoka mothandizana, ndipo madzi amakwera kwambiri n'kuphwanso kwambiri. Imeneyi amaitcha spring tide, ndipo m'magombe a South Africa kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumayandikira mamita awiri. Mwezi ukakhala theka, kusiyanako kumachepa kufika pochepera mita imodzi. Chothandiza kukumbukira ndi chakuti m'magombe amenewa, masiku a mwezi wathunthu ndi a mdima, madzi amaphwa cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa, n'kudzaza cha m'ma 3 kapena 4 masana. Ndiye kuti masiku amenewa m'mawa mchenga umakhala waukulu ndi wolimba bwino kuyendapo, koma masana, nthawi imene anthu amakhala atatopa n'kumabwerera, m'pamene madzi amafika patali kwambiri ndi mphamvu.

Madzi sakwera mofanana ola lililonse. Amalinyero amagawa kukwera konseko m'magawo 12: ola loyamba madzi amakwera gawo limodzi, lachiwiri magawo awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Ngati tsiku limenelo madzi akwera mamita 1.8, ndiye kuti ola loyamba akwera masentimita 15 okha, lachiwiri 30, koma lachitatu ndi lachinayi akwera 45 pa ola. Anthu amatsekeredwa pamiyala motere: amaona ola loyamba palibe chikusintha, amakhala pansi kutsegula chakudya, ndipo pomwe amadzuka mpata umene anadutsira uli ndi madzi ofika m'chiuno, mafunde akuwomba. Pagombe losatsetsereka, masentimita 45 amadya mchenga wa mamita ambirimbiri.

Ndandanda ya nthawi za madzi imakonzedwa ndi ofesi ya asilikali apamadzi ya South African Navy Hydrographic Office, ndipo imapezeka pa intaneti mukalemba dzina la doko ndi mawu oti tide table. Sankhani doko lapafupi ndi kumene mukupita, monga Simon's Town, Cape Town, Mossel Bay kapena Durban. Malo aliwonse ofunika kudutsa pansi pa phompho kapena kuwoloka pamene mtsinje umathira m'nyanja, fikanipo kutatsala ola limodzi kuti madzi aphweretu, ndipo mukhale mutadutsa ola limodzi lisanathe chiphwereni.

Njanji ya ku False Bay

Kwa woyamba kumene, njira yoyenera kwambiri m'dziko lonseli ndi yotsata sitima ya Metrorail ya Southern Line ku Cape Town. Sitimayi imachoka pa siteshoni yaikulu, kudutsa Observatory, Claremont ndi Wynberg, ndipo pakatha mphindi pafupifupi 50 imafika ku Muizenberg, pagombe la False Bay, pamene njanji imayamba kuyenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Kuchoka apo masiteshoni amatsatana pafupipafupi: St James, Kalk Bay, Fish Hoek, Sunny Cove, Glencairn, mpaka Simon's Town. Tikiti mumagula pa siteshoni musanakwere, ndipo mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi chokwera china chilichonse.

Mukatsika pa Muizenberg, kanjira ka simenti kamayambira kumapeto kwa gombe, pakati pa njanji ndi miyala, kulowera ku St James. Sikakwana makilomita awiri, ndipo n'kosalala, koma madzi akadzaza ndiponso mphepo ikamawomba, mafunde amakwera mpaka pakanjirako, moti mukhoza kunyowa thupi lonse kapena kuterereka. Ku St James kuli timanyumba tamitundumitundu tosinthiramo zovala ndi dziwe lowaka m'mphepete mwa nyanja, limene madzi amalowamo akakwera. Maiwe otere, monga ilili ndi la Dalebrook patsogolo pang'ono, ndiwo malo abwino oloweramo munthu wosazolowera mafunde komanso ana. Kuchoka pa St James mumatsata msewu waukulu mpaka padoko la asodzi la Kalk Bay, kenako kudutsa Clovelly mpaka ku Fish Hoek. Kuchokera ku Muizenberg kufika apa ndi makilomita 6 kapena 7. Amene akadali ndi mphamvu akhoza kupitiriza ndi kanjira ka Jager's Walk, kochokera kumapeto kwa gombe la Fish Hoek kukafika ku Sunny Cove.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Choyamba ndi njanji yeniyeniyo: kuti mufike pamadzi, gwiritsani ntchito timipata todutsa pansi pa njanji kapena malo owolokera ovomerezeka, chifukwa sitima zatsopano zabuluu siziphokosera, ndipo mkokomo wa mafunde umabisa kubwera kwake. Chachiwiri ndi mchenga. Pakati pa Fish Hoek ndi Simon's Town mphepo imakonda kukwirira njanji ndi mchenga, ndipo zikatero sitima zimathera pa Fish Hoek. Funsani pa kauntala m'mawa womwewo ngati ikufika ku Simon's Town, ndipo funsaninso nthawi ya sitima yomaliza yobwerera, makamaka Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi pamene sitima zimachepa. Ikasowa, ma minibasi ndi mabasi a Golden Arrow amayenda mumsewu waukulu womwewo, choncho sungani ndalama zapamanja zokwanira.

Mukafika ku Simon's Town, kuyenda makilomita pafupifupi atatu kudutsa m'tauni kumakufikitsani ku Boulders, kumene kumakhala mbalame za penguin. Zinayamba kuswana pamenepa m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2024 mtundu wa African penguin unaikidwa m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Malowa ali pansi pa Table Mountain National Park ndipo polowa pamalipiridwa.

Mbali ya Sea Point ndi mabasi a MyCiTi

Mabasi a MyCiTi salandira ndalama m'basi. Mumagula khadi lotchedwa myconnect pa siteshoni ngati Civic Centre, kuikamo ndalama, n'kumaligunditsa pa kamakina pokwera ndi potsika pomwe. Mukaiwala kugunditsa potsika amakudulani chindapusa. Aliyense amafunika khadi lake.

Njira ya ku Sea Point imayambira ku Mouille Point, pafupi ndi nsanja ya nyali yowongolera sitima zapamadzi ya Green Point, imene inayamba kuwala mu 1824, n'kutsata nyanja makilomita pafupifupi asanu kulowera ku Bantry Bay. Ndi yosalala, ili ndi mabenchi ndi zimbudzi, ndipo anthu samatha. Mabasi a nambala 108 ndi 109 opita ku Hout Bay amadutsa ku Sea Point ndi ku Camps Bay, choncho mukhoza kuyenda mbali imodzi n'kubwerera pa basi. Basi ya T01 imapita ku Table View, kumene mukhoza kuyenda pamchenga kulowera ku Bloubergstrand phiri la Table Mountain likuoneka lonse kutsidya la madzi. Kumbali imeneyi madzi ndi ozizira koopsa, nthawi zambiri pakati pa madigiri 10 ndi 15, chifukwa cha madzi oyenda m'nyanja otchedwa Benguela, ochokera pansi pa nyanja. Ngakhale wodziwa kusambira amauma manja ndi miyendo m'mphindi zochepa.

Durban

Durban ndiye yoyenera kwa amene ali ndi Loweruka ndi Lamlungu lokha. Mabasi ambiri amaima pa Durban Station, ndipo gombe lili pafupi moti ulendo wa takisi ndi wa mphindi zochepa. Ngati mwafika kusanache, dikirani m'kati mwa siteshoni mpaka kuwale. Promenade yake ndi ya makilomita pafupifupi 8, kuyambira pakhomo la doko ku Point, kudutsa uShaka Marine World, South Beach, North Beach, Suncoast, pafupi ndi bwalo la masewera la Moses Mabhida, mpaka ku Blue Lagoon pamene mtsinje wa uMngeni umathira m'nyanja. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita 16, ulendo wa maola anayi kapena asanu mukamapumira. Yambani m'mamawa, chifukwa kuyambira Disembala mpaka Malichi kumakhala chifundizi cholemetsa thupi chomwe ife a ku Gauteng sitinachizolowere.

Kumpoto kwa mzindawu kuli uMhlanga, kofikika pa minibasi, komwe kuli njira ina yowaka yodutsa pa nsanja ya nyali ya mu 1954 n'kukathera pa kankhalango ka Umhlanga Lagoon Nature Reserve. M'kankhalangoka muziyenda muli gulu, ndipo kumbukirani kuti ma minibasi amachepa madzulo ndi Lamlungu.

Madzi a ku Durban ndi ofunda, kupitirira madigiri 20 pafupifupi chaka chonse, chifukwa cha madzi oyenda m'nyanja otchedwa Agulhas, ochokera kumpoto. Vuto lake ndi ukhondo wa madzi. Madzi osefukira a mu Epulo 2022 anawononga mapaipi ndi malo oyeretsera zonyansa, ndipo kuchokera apo magombe ena akhala akutsekedwa nthawi ndi nthawi pamene kachilombo ka E. coli kachuluka. Khonsolo ya eThekwini imalengeza magombe otseguka ndi otsekedwa. Kuyenda pa promenade sikuletsedwa gombe likatsekedwa, koma musalowe m'madzi, makamaka mvula yamphamvu ikangogwa kumene ndiponso pafupi ndi mathiriro a mitsinje.

Kuwerengera tsiku kuyambira kumapeto

Yambani ndi nthawi ya chokwera chomaliza, ndipo muchotsepo ola limodzi, kuti cholinga chanu chikhale sitima yonyamuka yomalizayo isanafike. Kenako onani nthawi yolowa dzuwa. Ku Cape Town mu Disembala limalowa cha m'ma 8 koloko madzulo, koma mu Juni lisanakwane 6 koloko; ku Durban mu Juni limalowa 5 koloko itangopitirira. Pa nthawi ziwirizi tengani yoyambirira kufika, ndiyo malire anu.

Tsopano werengerani liwiro. Panjira yowaka munthu wamkulu amayenda makilomita anayi pa ola osathamanga. Pamchenga wonyowa, wolimba, ndi chimodzimodzi, koma pamchenga wouma wotitimira kapena pamiyala liwiro limatsika kufika makilomita awiri kapena atatu. Pokwera phiri onjezani ola limodzi pa mamita 600 aliwonse okwera. Muli ndi ana, werengerani theka la liwiro lanu. Onjezaninso nthawi yodya ndi yojambula zithunzi, imene anthu amaiwala kuiwerengera chonsecho imadya ola lathunthu.

Tiyerekeze kuti ndi tsiku la mwezi wathunthu ndipo ndandanda ikuti madzi aphwa 10 koloko ku Simon's Town. Mukakwera sitima cha m'ma 8 koloko, mufika ku Muizenberg chisanakwane 9, mudutsa kanjira ka ku St James madzi ali kutali, mufika ku Kalk Bay cha m'ma 11 mutapumirapo, ndipo ku Fish Hoek mufika masana asanapendeke. Pomwe madzi azidzaza cha m'ma 4 koloko, inu muli kale m'sitima. Mukachita mosemphanitsa, kuyamba mochedwa kuchokera ku Fish Hoek, mudzafika pakanjira kopapatiza kaja nthawi yomwe mafunde ali pachimake.

Za katundu, n'zochepa koma n'zosasiyika. Madzi akumwa theka la lita pa ola lililonse loyenda, kuwonjezerapo kukatentha. Nsapato zotseka zomwe mwaziyendera kale, chifukwa zatsopano zimatulutsa matuza ndipo mapatapata amaterereka pa ndere. Chipewa chomanga pachibwano, mafuta oteteza khungu ku dzuwa (khungu lakuda nalonso limapsa pagombe), jekete yotchinga mphepo, foni yodzaza moto yoikidwa m'kajumbo kotseka, ndi mapu osungidwa m'foni kuti azioneka ngakhale netiweki itasowa.

Zimene zimavulaza anthu

Choopsa chachikulu pagombe ndi madzi obwerera mwamphamvu otchedwa rip current. Mafunde akaunjika madzi kumtunda, madziwo amafuna pobwerera, ndipo amadzikumbira mpata pakati pa milu ya mchenga ya pansi pa madzi. Pampata umenewo mafunde sasweka, madzi amaoneka odekha ndi akudako, ndipo n'chifukwa chake mlendo amasankha pomwepo poganiza kuti m'pabwino. Madziwa sakokera munthu pansi, amamutengera kutali ndi gombe. Amene amamira ndi amene amalimbana nawo kusambira molunjika kumtunda mpaka mphamvu kutha. Mukagwidwa, yandamani, kwezani dzanja kuitana thandizo, ndipo ngati mungathe sambirani chopingasa, motsata gombe, mpaka mutatuluka mumpatawo. Sambirani pokhapokha pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pamene pali opulumutsa anthu.

Mukaona wina akumira musadumphemo chimanjamanja. Bungwe la National Sea Rescue Institute, lomwe linayamba mu 1967, linaika m'magombe ambiri zoyandamitsa zapinki zopachikidwa pa mitengo. Mponyereni chimenecho kapena chilichonse choyandama, n'kuimba 112 pa foni yam'manja kapena 087 094 9774. Ngozi ikachitika m'phiri ku Western Cape, nambala ya opulumutsa ndi 021 937 0300. Sungani manambalawa m'foni musananyamuke.

Pamiyala, musapatse nyanja msana. Mafunde amabwera m'magulu, ndipo pakatha bata la mphindi zingapo pamabwera lina lalikulu kuposa anzake. Mwala wonyowa pamene ina yonse ili youma ukukuuzani kuti madzi amafika pamenepo.

Ku Cape Town m'chilimwe kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imatha masiku angapo, kuulutsa mchenga m'maso ndi kugwetsa munthu pamalo okwera. Mvula yakumeneko imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mosiyana ndi ku Joni ndi ku Durban. Onani zanyengo kuchokera ku South African Weather Service usiku woti mawa mukuyenda.

Ku Muizenberg ndi ku Fish Hoek kuli alonda a shaki a Shark Spotters, amene anayamba ntchito mu 2004 ndipo amayang'ana nyanja ali paphiri. Mbendera yobiriwira ikutanthauza kuti madzi akuoneka bwino, yakuda kuti sakuoneka bwino, yofiira kuti chenjerani kwambiri, ndipo yoyera pamodzi ndi kulira kwa sairini ikutanthauza kuti tulukani m'madzi. Nyama za m'nyanja zotchedwa seal zimene zimagona padoko la Kalk Bay musaziyandikire, chifukwa mu 2024 zina zinapezeka ndi chiwewe. Ikakulumani tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Anyani a ku Simon's Town musawapatse chakudya, n'zoletsedwa ndipo zimawasandutsa olanda. M'tinjira ta m'tchire muli mphiri, imene siithawa ikamva mapazi, choncho muziona poponda. Tizilombo tabuluu ta bluebottle totayidwa pamchenga timaluma ngakhale titafa. Tikakulumani, tsukani ndi madzi a m'nyanja osatikita, kenako viikani m'madzi otentha omwe khungu lingapirire.

Za achifwamba, nzeru zomwe mumayendera mu Joni ndi zomwezo. Njira zodzaza anthu ngati Sea Point, Durban masana, ndi Muizenberg mpaka Kalk Bay zilibe vuto lalikulu. Magombe aatali opanda anthu ndi tinjira ta m'mapiri pamwamba pa Kalk Bay kwachitikapo zolanda, choncho kumeneko yendani anthu anayi kapena kuposerapo, ndipo wina wotsala adziwe njira yanu ndi nthawi yobwerera.

Mapepala, malipiro ndi malamulo

Nyamulani pasipoti ndi chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno, chifukwa mabasi akutali amaimitsidwa pa zipata za apolisi. Pasipoti imakupulumutsiraninso ndalama. Malo a SANParks, bungwe la boma loyang'anira malo osungirako zachilengedwe, monga Boulders, Cape Point ndi Tsitsikamma, ali ndi mitengo itatu: wa nzika ndi okhazikika mu South Africa, wa nzika za maiko a SADC, ndi wa alendo ena onse, umene ndi wokwera kwambiri. Malawi ali mu SADC, choncho mukaonetsa pasipoti mumalipira mtengo wapakati. Popanda chiphaso amakulipiritsani mtengo wa alendo akutali.

Gombe lenilenilo ndi la aliyense. Lamulo la Integrated Coastal Management Act la mu 2008 limati nyanja ndi mchenga mpaka pamene madzi odzaza amalekezera ndi chuma cha anthu onse, choncho mwini hotela kapena nyumba sangakuthamangitseni pamenepo, ngakhale simungadutse m'bwalo lake kuti mukafikepo. Kumwa mowa pagombe n'koletsedwa ku Durban ndi ku Cape Town komwe, ndipo apolisi amalanda. Kuwedza ndi kutola nkhono kumafuna chilolezo, m'malo ena otetezedwa n'koletsedweratu, ndipo nkhono ya perlemoen kuitola ndi mlandu waukulu. Kumbali ya Cape nthawi zina madzi amafiira chifukwa cha tizomera tapoizoni, ndipo nkhono za nthawi imeneyo zimapha ngakhale zitaphikidwa.

Njira zazitali ndi vuto la pothera

Amene alawa njira za m'tauni amayamba kufunsa za zazikulu, ndipo apa m'pamene basi imakusiyani panjira. St Blaize Trail ku Mossel Bay ndi ya makilomita 13.5, kuyambira paphanga la pansi pa nsanja ya nyali ya Cape St Blaize mpaka ku Dana Bay, pamwamba pa maphompho, yopanda madzi akumwa ndi mthunzi, ndipo imatenga maola pafupifupi 6. Mabasi akutali amaima ku Mossel Bay, koma wokutengani ku Dana Bay muyenera kupangana naye musanayambe. Ku Hermanus kuli Cliff Path ya makilomita pafupifupi 12, yotchuka poonera anamgumi pakati pa Juni ndi Novembala, koma kukafikako kuchokera ku Cape Town kumadalira ma minibasi kapena magalimoto ahayala.

Otter Trail, ya masiku asanu ndi makilomita oposa 40 kuchokera ku Storms River Mouth kukafika ku Nature's Valley, imalola anthu 12 okha kuyamba pa tsiku, ndipo malo amalembetsedwa ku SANParks miyezi yambiri pasadakhale. Tsiku lachinayi pamafunika kuwoloka mtsinje wa Bloukrans madzi ataphwa, moti ena amadzuka usiku kuti akafikepo pa ola lake. Basi imakusiyani pamsewu wa N2, ndipo kuchoka apo kupita pachipata, komanso kuchoka ku Nature's Valley pomaliza, mumafunika galimoto yopangana nayo.

Ku Wild Coast, gombe la m'chigawo cha Eastern Cape, zinthu zimapepukirako, chifukwa kumeneko anthu ambiri amayendera ma minibasi. Mumakwera basi kuchoka pa Park Station kupita ku Mthatha, kenako minibasi yopita ku Port St Johns, kumene kumayambira ulendo wa masiku asanu wa makilomita pafupifupi 60 wokathera ku Coffee Bay. Mumagona m'midzi ya Amaxhosa, mitsinje ikuluikulu mumawoloka pa maboti a eni dera, ndipo mumafunika wotsogolera wakomweko wodziwa nthawi ya madzi pa mtsinje uliwonse. Kuchoka ku Coffee Bay ma minibasi amabwerera ku Mthatha kudzera ku Mqanduli. Amanyamuka akadzaza, choncho tikiti ya basi yobwerera ku Joni igulidwe ya tsiku lotsatira, osati ya madzulo a tsiku lomwe mukumaliza kuyenda.